Wogwira Makwerero

Pepala linali lalitali kuposa tebulo, moti make Bwana anachita kugoneka mbali ina pampando, inayo n'kuipsinja ndi botolo la mafuta a mwana. Ntchito inali yobowola. Mwamuna wake, amene anthu onse a kumsika ankangomutchula kuti a Penti, ankasindikizitsa zilembo zikuluzikulu papepala kusitolo ya makompyuta, ndipo iye ankatsata m'mphepete mwa chilembo chilichonse ndi singano, kabowo apa, kabowo apa. Pepalalo likamatidwa pakhoma, a Penti ankaligunda ndi sokosi yodzaza fumbi la choko, fumbi n'kulowa m'timabowo. Akachotsa pepala, chilembo chinkatsala pakhomapo ngati mzere wa nyerere zoyera, chikungodikira burashi.

Zilembo anali atabowola zambiri, za mabutchala, za ometa, za okonza mafoni, koma izi zinali zamtundu wina. Mwendo umodzi wa chilembo unali wonenepa ngati mzati, winawo woonda ngati ulusi, ndipo iwiriyo inkakumana mwadzidzidzi, popanda wina kugonjera mnzake. Pansi pa mwendo uliwonse panali kamzere kopingasa, kathyathyathya, ngati chilembocho chavala nsapato. Pa mizere yoondayo timabowo ta mbali ino ndi ta mbali inayo tinkayandikana mpaka pepala kufuna kung'ambika. Ankabowola pang'onopang'ono, khutu lili kuchipinda kumene kunagona Bwana, mwana wawo, amene anamutcha choncho chifukwa chibadwire chake m'nyumbamo munalibenso wina wolamula.

Atawafunsa kuti zilembo zanjala chonchi azitenga kuti, a Penti anaika kapu ya tiyi pansi, chinthu chimene sankachita wamba. Anati zilembozi si za dzulo. Anazipanga osindikiza mabuku akale kwambiri, masiku amene chilembo chilichonse ankachisema pachitsulo, ndipo ankapikisana kuti aone amene angaondetse mzere kuposa mnzake popanda kuudula. Ukayang'ana pachikuto cha magazini ya zovala, pabotolo la perefyumu, pakhadi la ukwati wa anthu opeza bwino, upeza ndi zomwezi, chifukwa zimaima ngati munthu amene sanathamangirepo minibasi. Zaka zonse zimene akhala akupenta palibe anawapemphapo zilembo zoterezi. Aliyense amafuna zonenepa, zofiira, zokuwa. Koma mayi wa sitolo yatsopano ya madiresi a ukwati, ija ya pafupi ndi banki, anabwera ndi chithunzi pafoni n'kunena kuti akufuna izi, osati zina.

"Mayi amene uja ali ndi diso," anatero a Penti, akusisita pepala ndi chikhatho ngati akugoneka mwana.

Make Bwana anangoti oho. Pageti pawo panali kabolodi kakenso, konena kuti pano timaluka zipewa za ana. A Penti anakalemba madzi osamba ali pamoto, ndipo anamaliza madziwo asanawire. Zilembo zake zinali zonenepa mofanana paliponse, ngati masoseji. Make Bwana anafunsa, moseka, kuti nanga iye analakwanji kuti amupatse masoseji. A Penti sanamve kuti funsolo lili ndi mano. Anafotokoza mofatsa kuti zilembo zoondazi zikachepa zimafa. Pakabolodi kakang'ono, kathabwa kokhakhala, mizere yoonda imasowa, munthu ali pamsewu amangoona mizati yokhayokha ngati mpanda. Zimafuna malo aakulu, khoma losalala, ndi diso losafulumira.

"Zanu zija n'zolimba, amake Bwana, zimagwira ntchito. Izi n'zoti anthu aziima n'kumaziyang'ana."

Iye anatsitsa maso, nakoka bulauzi yake imene chibadwire Bwana inkamukana m'chiuno.

Komatu kubowola sinali ntchito yake yeniyeni. Ntchito yake inali makwerero. Anayamba kuwagwira asanakwatirane n'komwe, tsiku limene anapeza wopenta wina pasitolo ya malume ake akugwedezeka m'mwamba ngati nyani wodwala, iye n'kuponda phazi pa sitepe yoyamba osapemphedwa. Anthu amayesa kugwira makwerero n'kungoima. Ayi ndithu. Phazi limodzi limaponda, bondo limatsamira, manja amagwira koma osafinya, ndipo wapamwambayo akati "tsopano", wapansi amasiya kupuma naye limodzi mpaka burashi itafika kumene ikupita. A Penti ankati mapazi awo amamva zonse kudzera m'makwerero. Ankadziwa iye akakhala ndi njala, ankadziwa akakwiya, ndipo ankadzitama kuti ngakhale pamene anaima, anayamba kudziwa ndi iwo, chifukwa kagwiridwe kanasintha.

Bwana atabadwa, makwerero ankagwira aliyense wopezeka pafupi: mlonda, wogulitsa nthochi, munthu wodikira basi. Make Bwana sizinkamukhudza. Zilembo zonenepa zimakhululuka. Burashi ikapatuka pang'ono umangonenepetsa mwendo wonsewo, palibe angadziwe. Koma mzere woonda ngati ulusi sungaubise paliponse, ndipo iye, amene anaubowola yekha, ankadziwa kuti wogulitsa nthochi sangautheke. Funso loti nanga makwerero agwira ndani analisunga mumtima.

Yankho linabwera ndi mlamu wake, mchemwali wa a Penti, mkazi amene nkhani ikamulowa m'kamwa imamuwotcha. Anabwera kudzatenga chipewa cha mwana wake, ndipo asanakhale pansi n'komwe anayamba kuseka.

"Alamu, mwachotsedwa ntchito popanda kalata. Ndadutsa pabanki paja. Achimwene ali m'mwamba, pansi wagwira mwini sitolo, manja onse awiri, zikhadabo zofiira psuu, nsapato zagogoda, khosi walipinda ngati akuyang'ana ndege."

Anawonjezera kuti poyamba ankagwira mlonda, koma mayiyo anamuchotsa yekha, akuti amanjenjemera. Pompo mlamuyo anamutcha Gogoda, nayesezera kayendedwe kake kuchokera pakhomo mpaka patebulo, chipewa cha mwana atachiika pamutu ngati velo. Make Bwana anaseka nawo, mwina mopitirira. Mlamu atapita, anapeza kuti waluka mizere ingapo ya chipewa china mobwerera, nachita kumasula.

Madzulo a Penti anafika akununkha parafini monga mwa masiku onse, koma pansi pa parafiniyo make Bwana anamva kafungo kena, kotsekemera, ka m'sitolo ya zinthu zodula. Anawathirira madzi osamba m'manja nafunsa, maso ali pabeseni, ngati apeza wogwira wabwino. A Penti, munthu woyenda osayang'ana pamene pali dzenje, anati apeza ndithu. Mayi aja ali ndi dzanja lofatsa, anatero, satopa, salankhula munthu akamakoka mzere.

"Chodabwitsa n'chakuti sindinawauze n'komwe. Ndikangoti tsopano, nawonso phee, asiya kupuma."

Madzi anasefukira m'beseni mpaka kunyowetsa nsapato za a Penti.

Kuyambira pamenepo maso ake sanapume. Anaona kuti a Penti ameta ndevu pakati pa sabata. Anaona kuti akuchotsa penti m'zikhadabo ndi kamtengo ka machesi asananyamuke, ngati kuti sakupita kukazidetsanso. Anapisa m'matumba a ovolosi yawo n'kupezamo choko, nsanza ndi chivindikiro cha botolo, ndipo kusapeza kanthuko kunamukwiyitsa koposa, chifukwa chimene chinkamupweteka sichinali cholowa m'thumba. Akamayamwitsa Bwana ankadzipeza wasiya kupuma yekha, akuganiza kuti mwina nthawi yomweyo, kutsidya kwa tauni, anthu awiri asiya kupuma limodzi.

Tsiku lina m'mawa anaika chakudya m'kontena, anabereka Bwana, navala diresi lake la kutchalitchi limene zipi yake inakana kufika pamwamba. Mwana kumbuyoko anabisa. Atatsika minibasi sanawoloke msanga. Anaima kuseri kwa benchi ya wokonza mafoni, tsidya lino la msewu, n'kuyang'ana.

Khoma la pamwamba pa chitseko linali loyera mbee, losalala ngati mbale. Liwu loyamba, MADIRESI, linali litatha, lakuda bii, ndipo otsalawo anali akadali timadontho ta choko. Make Bwana anafunitsitsa kuti chikhale chonyansa. Sichinali. Kuchokera pamene anaimapo mizere yoonda ija inkaoneka ngati ikufuna kusowa koma osasowa, ndipo mizati yonenepayo inaima chilili ngati akwati pamzere. Mayi wina wonyamula dengu anaima pakati pa njira n'kuyang'ana m'mwamba, mpaka wanjinga anamuimbira belu. Dzanja limene linalemba masoseji pageti pake ndi lomwelo linachita zimenezi, ndipo linazichitira munthu wina.

Munthu winayo anali pansi pa makwerero. Anali wamtali, wa m'chiuno mwamukulu ndi pamimba powonda, khosi lalitali, timiyendo tothera pa tinsonga ta nsapato. Make Bwana anayang'ana mayiyo, anayang'ana zilembo, nayang'ananso mayiyo. N'chifukwa chake anazisankha, anaganiza. Anadzilembetsa yekha pakhoma, ndipo mwamuna wanga wakhala masiku onsewa akumujambula ndi burashi.

Anawoloka. A Penti atamuona anadabwa mokondwa, zimene zinamusokoneza pang'ono, chifukwa ankayembekeza nkhope ya munthu wogwidwa. Gogoda anamwetulira ndi mano onse.

"Ndinu amake Bwana! Amuna anuwa sakamba nkhani ina, koma inu ndi bwanayu."

Choncho amacheza, anatero mumtima make Bwana. Mokweza anayankha moni mwaulemu, anaika kontena pakhonde, nanena kuti poti wabwera, mayi apumuleko, agwira ndi iye. A Penti anakanda kumutu. Anati chilembo chotsatira ndi A, ndipo mwendo wake woonda ndi wautali kuposa yonse, woyenera kukokedwa kamodzi kuchokera pansonga mpaka pansi. Bwana akangoponda kumbuyoko, zatha. Bwanayo, ngati wamva, anatambasula miyendo n'kumumenya amake m'nthiti.

"Bweretsani kuno bwanayo," anatero Gogoda, manja atatambasula kale. "Inu gwirani makwerero anu."

Make Bwana anaima. Akakana, Gogoda abwerera pamakwerero iye akuonerera. Akavomera, ampatsa mwana. Anayang'ana zikhadabo zofiira zija, nayang'ana khungu la Bwana. Kenaka anamasula nsalu, akudzitonthoza kuti mwanayu salola mlendo. Ngakhale azakhali ake enieni amawalirira ngati waona chilombo. Alira, ndipo mayiyu adziwa malire ake.

Anaponda phazi pa sitepe yoyamba, bondo linapeza malo ake lokha. A Penti atakwera, kulemera kwawo kunatsika m'makwerero n'kulowa m'manja mwake, kulemera kumene ankakudziwa kuposa kwa mwana wake yemwe, ndipo misozi inatsala pang'ono kugwa. Pamwambapo a Penti anamaliza mwendo wonenepa ndi burashi yaikulu, naipachika. Anatenga ina yaing'ono, ya ubweya wautali, naiviika m'penti, kuipukuta pamphepete pa chitini mpaka nsonga inasongoka. Anatsamiritsa pakhoma kandodo kawo ka mpira wa nsanza kunsonga, nagoneka dzanja pa kandodoko.

Bwana sanalire.

Patsogolo pa make Bwana panali galasi la sitolo, ndipo pakati pa zidole zovala madiresi oyera ankaona zonse za kumbuyo kwake. Bwana anali atagwira ndolo ya Gogoda, akuseka kuseka kwake kwa kukhosi kuja, kumene amake ankayesa kuti n'kwa iwo okha, kwa nthawi yosamba.

"Taonani, a Penti, wandizolowera kale," anatero Gogoda.

A Penti anatembenuza mutu, maso awo anadutsa pamwamba pa mkazi wawo n'kukagwa kumbuyoko, naseka. Kusekako kunatsika m'makwerero, ndipo make Bwana anakulandira m'zikhatho. Kenaka anatembenukira kukhoma, burashi inakhudza nsonga ya chilembo.

"Tsopano."

Make Bwana anasiya kupuma. Ndipo m'galasimo anaona Gogoda, wopanda makwerero, mwana wa mwini ali m'manja, maso ali m'mwamba, pakamwa patatseguka pang'ono, chifuwa chitaima. Nayenso anali atasiya kupuma.

Burashi inali pakati pa ulendo pamene bondo la make Bwana linakankha. Sikunali kukankha koti n'kudzutsa mphaka wogona. Munthu woima pafupi sakanaona. Koma pamwambapo mzere umene unkatsika woongoka ngati ulusi wa mmisiri unapatuka, unatupa pakati ngati njoka yameza chule, kenaka n'kubwerera m'njira yake.

A Penti anakhala m'mwambamo nthawi yaitali osatembenuka. Kenaka anatulutsa nsanza, anaiviika m'parafini n'kupukuta, koma chakuda pa choyera sichichoka mwaulemu. Panatsala chibanga chotuwa, chachikulu kuposa chikhatho, chitadya ndi mbali ya mwendo wonenepa womwe. Gogoda anafunsa chimene chachitika, mawu ake atachepa.

"Dzanja langa, mayi," anatero a Penti akutsika. "Tikukalamba."

Anafotokoza kuti apakanso choyera pamalopo, adikire chiume, agundenso choko, ndiye ayambirenso. Gogoda anayang'ana chibangacho, nanena za tsiku lotsegulira sitolo limene linali pafupi ndi anthu amene anawaitana kale, koma anameza zotsalazo. Anati asadandaule, mwina ndi mphepo. Kapepala ka siwiti kamene kanali pakhonde sikanasunthe chifikire make Bwana. Iye analandira mwana wake, amene sanafune kusiya ndolo, namubereka. Apa m'pamene anazindikira kuti wawonjezera yekha masiku a mwamuna wake pasitolo imeneyi.

Makwerero ankagona m'sitolomo ntchito ikakhala isanathe, koma tsikulo a Penti anawanyamula paphewa. Minibasi sikanawalola nawo, choncho anayenda pansi, iwo patsogolo, iye pambuyo, miyendo ya makwerero ikumuloza kumaso njira yonse. Kontena ya chakudya inabwerera yosatsegula. Atafika pageti, a Penti anatsitsa katundu wawo nalankhula, maso ali pa loko.

"Linali bondo lakumanzere."

Make Bwana anali atakonza mayankho ambiri m'njira, za phazi kuterereka, za dzanzi, za kusazolowera. Onse anathawa. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Mayi aja amasiya kupuma nanu limodzi."

A Penti anamuyang'ana kwa nthawi, osakwiya, ngati munthu amene akuwerenga chikwangwani cha patali.

"Mpweyawo ndi wawo, amake Bwana. Ndiwaletse bwanji? Ine mzere uja ndaudikira chiyambire kugwira burashi. Nditaona kuti pansi pali inu, ndinati lero ndiye utuluka bwino kuposa yonse."

Analowa m'nyumba. Sanakalipe tsikulo kapena lotsatira. Ankadya, ankasewera ndi Bwana, ankayankha akafunsidwa. Choyera chitauma anadzuka m'mawa, anatenga chikwama cha maburashi n'kulunjika kugeti, makwerero atawasiya chigonere kuseri kwa nyumba. Make Bwana anawathamangira, nawakumbutsa ngati kuti angoiwala. Anati sanaiwale. Wowotcherera zitsulo wa pafupi ndi sitoloyo wawabwereka migolo iwiri ikuluikulu ndi thabwa lochindikala. Aika thabwa pamigolo, aimirira pamenepo.

"Ndiye agwira ndani?"

"Palibe. Migolo imaima yokha."

Mlamu anabweranso ndi nkhani, koma ulendo uno inali yozizira. Anati achimwene ali pathabwa okhaokha ngati mlaliki, Gogoda ali m'kati akusita madiresi, sakutuluka n'komwe. Anamugwira make Bwana paphewa namuuza kuti wapambana, aphike tiyi asangalale. Chikwangwani chitatha, anthu ankachijambula ndi mafoni, ndipo a Penti anapeza ntchito ina ya zilembo zomwezo pasitolo ya mawotchi. Kumenekonso anapita ndi migolo, atailembera wilibala. Anati anazolowera, pathabwa munthu amayenda uku ndi uku osatsika, ndipo sadikira wina aliyense.

Masana ena, Bwana atagona, make Bwana anapita kuseri kukayanika matewera. Udzu unali utayamba kumera pakati pa masitepe a makwerero. Anaika beseni pansi, anawadzutsa, nawatsamiritsa kukhoma la nyumba. Anaponda phazi pa sitepe yoyamba, bondo linapeza malo ake, manja anagwira osafinya. Anayang'ana m'mwamba, kumene kunali malata ndi thambo. Sankadziwa kuti makwerero opanda munthu ndi opepuka chotero; akanatha kuwakankha ndi chala chimodzi. Anakhala chigwirire choncho, akupuma yekha, mpaka matewera m'beseni anayamba kuuma pamwamba.